Mmene mapointi a kubanki angakukwezereni sitima ya ku Durban

Chaka chilichonse, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo, kampani ya MSC imabweretsa sitima yake ya panyanja kuno ku South Africa, n'kumanyamula anthu pa doko la Durban kupita nawo ku Portuguese Island, ku Pomene kapena ku Maputo m'dziko la Mozambique. Maulendo aafupi ndi a mausiku atatu kapena anayi. Ulipo wautali wa ku Mauritius, ndipo nthawi zina sitimayo imasamukira ku Cape Town n'kumapita ku Walvis Bay ku Namibia. Ife Amalawi a ku Joni timangoona zithunzi pa Facebook n'kumati izi n'za mabwana. Ine si bwana. Ndimawerengera ndalama pa kampani ina yaing'ono ku Booysens, ndimachita lendi ku Rosettenville, ndipo mwezi ukatha ndimatumiza kangachepe kwa amayi ku Ntcheu ngati wina aliyense. Koma sitimayo tinakwera, ine, bambo a kunyumba ndi ana, ndipo mbali ina ya ulendowo analipira ndi mapointi, amene banki imapereka ukamagula zinthu ndi khadi lake.

Ndati mbali ina. Wina asakunamizeni kuti khadi la kubanki lidzakugulirani chipinda chonse m'sitima. Pa malipiro a anthu ngati ife sizingatheke. Mapointi amagwira ntchito pa zinthu zozungulira ulendo: tikiti ya ndege yopita ku Durban, mafuta a galimoto, malo ogona usiku umodzi, sutikesi ya mwana. Zimenezi n'zimene zimathyola anthu msana chifukwa saziwerengera, ndipo zikalipiridwa ndi mapointi, ndalama ya m'manja yonse imapita ku sitima.

Musanaganize za khadi, tsegulani pasipoti

Sitima ikachoka pa Durban kupita ku Mozambique, mwatuluka m'dziko. A zolowa ndi kutuluka amakhala pa doko pomwepo, amadinda potuluka ndi pobwera, chimodzimodzi pa Beitbridge. Malamulo amene anayamba mu 2014 amati munthu wopezeka kuti wapitirira masiku ake, potuluka amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dziko. Akapitirira osaposa masiku 30 amaletsedwa kulowanso chaka chimodzi, akaposa pamenepo zaka zisanu. Tangoganizani: nyumba ili ku Turffontein, ntchito ili ku Sandton, ana ali pa sukulu, inu mwadzitengera nokha kwa ofesala ndi chipewa cha dzuwa kumutu.

Choncho ngati pemiti yanu yatha, kapena mukudikira yankho la kuikonzanso, ulendowu uyambe wadikira. Amene muli ndi pepala la othawa kwawo lomwe mlandu wake sunagamulidwe, kutuluka m'dziko kungakuonongereni mlandu wonse, ndiye musayese musanafunse wodziwa malamulo. Pasipoti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa kuchokera tsiku lobwerera, ndi masamba odindapo. Ku Mozambique, ku Namibia ndi ku Mauritius Mmalawi wongocheza safuna viza. Koma ulendo wa ku Mauritius nthawi zina umadzera ku Réunion, chilumba cholamulidwa ndi France, ndipo kumeneko pasipoti yathu imafuna viza ngakhale anzathu a kuno amalowa chabe. Wogulitsa tikiti kawirikawiri amangoganiza kuti aliyense wolankhula naye ndi wa kuno. Muuzeni nokha kuti pasipoti ndi ya Malawi. Za ana, nyamulani zikalata zawo za kubadwa, ndipo ngati kholo lina latsala, lilembe kalata yovomereza n'kukaidinditsa ku polisi.

Khadi lake liti

Mabanki akuluakulu onse ali ndi dongosolo lawo la mphoto. FNB ili ndi eBucks, yomwe inayamba mu 2000. Standard Bank ili ndi UCount, Nedbank ili ndi Greenbacks, Discovery Bank ili ndi Discovery Miles, Capitec ili ndi Live Better, pamene Absa imangokubwezerani ndalama yeniyeni. Ku eBucks, ku UCount ndi ku Discovery masamu ake ndi amodzi: mapointi khumi ndi randi imodzi. Kumbukirani zimenezo nthawi zonse, chifukwa ukaona 15,000 pa foni mtima umadumpha, pamene ndi R1,500 basi.

Ine sindilimbikitsa munthu kusamuka banki chifukwa cha mapointi. Yambani ndi banki imene malipiro anu amalowerako, chifukwa ndi imene ikudziwani kale ndipo ndi imene ingakupatseni khadi la ngongole mosavuta. Adzafuna pasipoti ndi pemiti, mapepala a malipiro kapena sitetimenti ya miyezi itatu, ndi umboni wa kumene mukukhala. Mlendo wa pemiti amamuyang'ana ndi diso lina, ndipo mabanki ena amakana ndithu. Akakukanani musathamange kukafunsira kwina ndi kwina sabata yomweyo, popeza kufunsira kulikonse kumalembedwa ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole monga TransUnion ndi Experian, ndipo kukachuluka mumaoneka ngati munthu wapanikizika. Lamulo limakulolani kuona mbiri yanuyo ulere kamodzi pa chaka. Komanso dziwani kuti khadi wamba la debit limapezanso mapointi ku mabanki ambiri, ochepa inde, koma opanda chiopsezo. Mlamu wanga wina amene amasoka zovala ku Fordsburg alibe khadi la ngongole, koma tikiti yake ya basi ya ku Durban inatuluka m'mapointi a debit.

Tsopano pamene pagona nkhani yonse. Khadi la ngongole limakupatsani masiku ofika 55 opanda chiwongoladzanja, koma pokhapokha mutalipira ndalama yonse ya pa sitetimenti tsiku lisanadutse. Mukangolipira kachidutswa kamene amati ndi kochepetsetsa, chiwongoladzanja chimayamba. Lamulo la ngongole la dziko lino limalola banki kuwonjezera 14 peresenti pamwamba pa chiwongoladzanja cha banki yaikulu ya boma. Kuyambira Meyi 2023 mpaka Seputembala 2024 cha banki yaikulu chinali 8.25, kutanthauza kuti khadi linkatha kukudyani 22.25 peresenti pa chaka. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti mumagula zinthu za R8,000 pa mwezi ndipo akukubwezerani 1 peresenti. Ndi R80. Tiyerekezenso kuti mwasiya ngongole ya R10,000 pa khadi lomwelo. Chiwongoladzanja chake pa mwezi ndi pafupifupi R185. Mwapatsidwa 80, mwalandidwa 185, ndipo pamenepo sitinaikepo ndalama ya pamwezi yosungira khadilo. Mabanki si a chifundo. Mphoto amapereka chifukwa akudziwa kuti ambiri salipira yonse.

Njira yanga ndi yachikale. Ndikagula zinthu ndi khadi la ngongole, madzulo omwewo ndimatsegula app n'kusamutsa ndalama yomweyo kuchoka ku akaunti ya malipiro kupita ku khadi. Odziwa masamu amandiseka kuti ndikutaya masiku 55 aulere. Aziseka, ine ndimagona tulo. Ndipo pa tilu akakufunsani kuti "straight or budget?", yankho ndi straight nthawi zonse. Budget ndi ngongole ya miyezi, chiwongoladzanja chake chimayamba pomwepo. Kutapa ndalama pa makina ndi khadi la ngongole nakonso n'koletsedwa m'nyumba mwathu: kulibe masiku aulere, kulibe mapointi. Ndalama yotumiza kumudzi pa Mukuru kapena Mama Money ichoke ku akaunti wamba.

Kukolola pa zimene mumagula kale

Banki iliyonse ili ndi masitolo ndi malo omwetsera mafuta amene inapangana nawo, ndipo kumeneko ndi kumene mapointi amachuluka. FNB imayenda ndi Engen, Standard Bank ndi Astron Energy imene kale inali Caltex, Absa ndi Sasol, Nedbank ndi BP. Pa zakudya zinthu zinatembenuka mu 2025, pamene eBucks inachoka ku Checkers ndi Shoprite n'kupita ku Pick n Pay, UCount n'kulowa ku Checkers ndi Shoprite. Mapangano amenewa amasintha, ndipo mabanki amakonda kusintha malamulo a mphoto chaka ndi chaka, choncho uthenga wa banki wonena za kusintha musamangoufufuta.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti anthu awiri ogula zinthu zofanana m'sitolo imodzi ndi khadi la banki imodzi angapeze mapointi osiyana kutalitali. Ku eBucks ndi ku UCount kuli malevulo asanu, ndipo wa pa levulo yoyamba amangotola nyenyeswa. Kukwera levulo sikudalira kugula kwambiri kokha ayi. Kumadalira zinthu monga kulandirira malipiro ku bankiyo, kukhala ndi akaunti yosungira ndalama, kulipira mabilu pa app, kukhala ndi ma debit order, ndalama zimene banki imadula yokha mwezi ndi mwezi kulipira mabilu anu. Khalani pansi Lamlungu lina mukaweruka ku tchalitchi, tsegulani tsamba la malevulo pa app, muone zimene mungachite popanda kutulutsa ndalama ina. Zimene zikufuna kuti mugule inshulansi yomwe simukuifuna kapena mutenge ngongole ina, zisiyeni. Kulipira R200 pa mwezi kuti mupeze mapointi a R90 ndi misala.

Makhadi a masitolo ndi aulere ndipo amagwira limodzi ndi a banki: Smart Shopper ya Pick n Pay, Xtra Savings ya Checkers ndi Shoprite, ClubCard ya Clicks. Pa tilu perekani la sitolo kaye, kenako lipirani ndi la banki, mwakolola kawiri pa thumba limodzi la ufa.

Ndiye pali chipereganyu. Gulu lathu la amayi limasonkha chaka chonse n'kukagula katundu wambiri mu Disembala: mafuta ophikira, shuga, mpunga, sopo. Ndalama yonseyo ikadutsa pa khadi la munthu mmodzi, mapointi ake ndi ambiri ndithu. Koma nenani poyera pa msonkhano kuti mapointi apita kwa ndani, kapena muzisinthana chaka ndi chaka. Za ndalama zobisirana zimapha magulu, ndipo amayi athu saiwala.

Mapointi asanduke ndalama ya sitima

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa amafufuza batani lolembedwa kuti lipirani sitima ndi mapointi. Ngati banki yanu ili ndi ofesi ya za maulendo, funsani, koma yerekezani mtengo wawo ndi wa MSC yeniyeniyo musanavomere. Ine ndimazungulira njira ina. Tsegulani akaunti yosungira ndalama, muitche dzina lakuti Durban. Mapointi akafika a R400, kamwetsereni mafuta kapena kagulireni zakudya za R400, ndipo tsiku lomwelo chotsani R400 ya ndalama yeniyeni, imene mukanagulira zinthuzo, muiponye mu akaunti ya Durban. Mapointi asanduka ndalama, ndipo ndalamayo ikubala kachiwongoladzanja kake pamene mapointi akanangokhala. Mukapanda kusamutsa tsiku lomwelo, R400 imeneyo imasungunuka osadziwa kuti yapita kuti. Pang'onopang'ono ndi mtolo, koma mtolowo uzikhala pamalo amodzi.

Tsiku lolipira sitima likafika, lipirani ndi khadi la ngongole, kenako zimitsani ngongoleyo ndi ndalama ya mu akaunti ya Durban. Malipiro aakuluwo amabalanso mapointi, komanso kampani ikalephera kukupatsani chimene mwalipira, khadi lili ndi njira yodandaulira kuti ndalama ibwezedwe, chinthu chovuta kwambiri mukalipira ndi EFT, kusamutsa ndalama kuchoka mu akaunti yanu kupita mu yawo.

Za mamailosi a ndege

Amene mumapita kumudzi pa ndege, lembetsani ku dongosolo la mamailosi, mapointi amene kampani ya ndege imapereka mukakwera ndege zake, musanakwere, n'kwaulere. Malawi Airlines, imene mwini wake wina ndi Ethiopian Airlines, imagwiritsa ntchito ShebaMiles ya Ethiopian yomweyo. South African Airways (SAA) ili ndi Voyager, ndipo Nedbank ili ndi khadi la ngongole lopezera mamailosi a Voyager pogula zinthu. Airlink ili ndi Skybucks. Ethiopian ndi SAA onse ali mu mgwirizano wa Star Alliance, kutanthauza kuti mamailosi a kampani imodzi angagule mpando pa inzake ngati mipando yotere ilipo. Sankhani dongosolo limodzi ndipo nambala yake muziipereka pa tikiti iliyonse. Mamailosi omwazikana m'maakaunti atatu sagula kanthu.

Chenjezo langa ndi ili: ulendo wa Johannesburg ndi Durban ndi waufupi, ola limodzi lokha, ndipo FlySafair ndi Lift amapikisana mitengo. Tikiti ya mamailosi si yaulere, misonkho ndi ndalama za bwalo la ndege mumalipirabe ndi ndalama. Musanawotche mamailosi, onani mtengo wa tikiti wamba tsiku lomwelo, chotsanipo misonkhoyo, muone chenicheni chimene mukupulumutsa. Kawirikawiri ndimapeza kuti mamailosi ndi bwino kuwasungira ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre mu Disembala, pamene matikiti amakwera ngati alodzedwa, ndipo wa ku Durban kuulipira ndi mapointi a banki pa tsamba lawo la maulendo, kumene ena amachotserako mtengo malinga ndi levulo yanu. Ndalama imene yapulumuka pa ulendo wa kumudzi, nayonso ipite mu akaunti ya Durban.

Koma musasunge mamailosi zaka ndi zaka. Ali ndi tsiku lotha ntchito, ndipo makampani a ndege amagwa. SAA inalowa m'manja mwa oipulumutsa mu Disembala 2019 ndipo inayambiranso kuuluka bwino mu Seputembala 2021. Comair, imene inkayendetsa kulula ndi ndege za British Airways za m'dziko muno, inatsekeratu mu Juni 2022.

Kugula tikiti ya sitima

Mtengo umene mumauona pa chithunzi chotsatsa si womaliza. Pamwamba pake pamabwera ndalama za doko, inshulansi yokakamiza ndi ndalama ya ogwira ntchito m'sitima imene amawerengera munthu aliyense usiku uliwonse. Funsani mtengo wonse wa banja lonse, ulembedwe. Ana osafika zaka 18 ogona chipinda chimodzi ndi akulu awiri nthawi zambiri salipira mtengo wa chipinda, koma zowonjezerazi amalipira. Lembetsani ku MSC Voyagers Club, kumakhala kuchotsera kwa mamembala. Mitengo yabwino imatuluka nyengo ikangotsegulidwa miyezi yambiri m'mbuyo, komanso pa Black Friday mu Novembala.

Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ndi nthawi yodula kwambiri. Kumapeto kwa Januwale, Febuluwale ndi Malichi, ana a sukulu atabwerera, mitengo imatsika. Koma imeneyo ndi nyengonso ya anamondwe m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Ife sitifunika kuuzidwa, Freddy wa 2023 tikumukumbuka. Nyanja ikaipa kaputeni amasintha njira kapena kuletsa kutsika pa chilumba, ndipo palibe amene angamutsutse. Pa Portuguese Island palibe doko. Sitima imaima patali ndipo mumatsikira m'timaboti, monga ankachitira a pa Ilala akafika pa Likoma, kungoti kuno akuvekani jekete loyandamitsa ndipo palibe matumba a usipa oti muwapondepo. Mafunde akakula timabotito satsitsa.

Chipinda chotchipa ndi cha m'kati chopanda zenera. Ine ndimatenga chimenecho. M'chipinda mumangopitamo kukagona ndi kusamba, ndipo nyanja imaoneka chimodzimodzi kwa aliyense mukakwera pamwamba. Amene mumachita chizungulire pa basi ya ku Dedza, pemphani chipinda cha pakati pa sitima, chapansi, ndipo mugule mankhwala a chizungulire ku Clicks ndi mapointi omwewo. Amayi oyembekezera amene mimba yafika masabata 24 salandiridwa.

Pa kapitidwe ka ku Durban sindichita nthabwala: fikani dzulo lake. Sitima sidikira munthu. Nyengo imeneyi ndi ya mabingu a masana kuno ku Joni, ndege zimachedwa pa OR Tambo. Pa msewu wa N3 ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo lole imodzi ikagwa pa Van Reenen msewu umatsekedwa maola. Usiku umodzi wogona ku Durban ndi malo abwino kwambiri oikapo mapointi. Ngati muli anayi kapena asanu ndipo muli ndi galimoto, mafuta a mapointi amatchipa kuposa matikiti a ndege, koma muwerengere mageti olipira a De Hoek, Wilge, Tugela, Mooi ndi Mariannhill, ndi malo osiyapo galimoto masiku onsewo. Wopanda galimoto, basi za Intercape ndi Greyhound zimanyamukira pa Park Station. Wa pa ndege, bwalo la King Shaka lili makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa mzinda, ndiye ya takisi muiikiretu padera.

M'sitima momwemo

Mukalowa pa Nelson Mandela Cruise Terminal amakupatsani kakhadi ka pulasitiki. Kameneko ndi kiyi wa chipinda, ndi chiphaso, ndiponso ndi chikwama. Chilichonse chogula m'katimo mumangopereka kakhadiko, ndipo mitengo ndi ya madola a ku America. Ukaona 4 pa botolo la chakumwa umati n'zotchipa, pamene ndi ndalama yogulira mikate itatu kapena inayi ku Rosettenville. Kakhadiko mumakamanga ku khadi la banki kapena mumaikamo ndalama ya m'manja. Mukamanga ku khadi la banki, sitima imagwiriratu ndalama ina ngati chikole, ndipo pa khadi la debit ndalama yogwidwayo imatha kuchedwa masiku kuti imasulidwe, lendi ikudikira. Apa khadi la ngongole ndi labwino. Dziwaninso kuti banki imadula pakati pa 2 ndi 3 peresenti posintha madola kukhala marandi, ndalama yoposa mapointi amene mungapeze pa kugulako.

Chakudya cha ku buffet, kumene mumadzitengera nokha, ndi cha ku lesitilanti yaikulu chili kale mu tikiti, pamodzi ndi masewero a usiku, madamu osambira ndi malo osewerera ana. Madzi akumwa a pa makina ku buffet ndi aulere, nyamulani mabotolo anu. Zakumwa zina ngati mukuzifuna, gulani phukusi lake musanakwere, limatchipa kusiyana ndi kugula limodzilimodzi, ndipo mumalipira m'marandi. Mowa wanu wobisa mu sutikesi amaulanda pa makina. Foni iikeni pa airplane mode sitima ikangochoka pa doko, chifukwa netiweki ya panyanja imadya ndalama moopsa. Ndipo kakhadi ka mwana funsani ku desiki kuti akatseke kogulira. Makina a masewero samufunsa ngati amayi ake avomera.

Usiku womaliza pitani ku desiki kapena yang'anani bilu yanu mzere ndi mzere mudakali m'sitima, chifukwa cholakwika amakonza pomwepo mosavuta kusiyana ndi kulemba makalata muli ku Joni. Sitima imafika pa Durban m'mawa, koma anthu masauzande amatsika m'magulu ndipo aliyense amadutsa kwa odinda mapasipoti, ife a pasipoti yakunja mafunso amatichulukira. Ndege yobwerera musaisungitse ya m'mawa. Tengani yonyamuka masana, cha m'ma 2 koloko kapena kupitirira.